Mbali ya Adada

Asibweni Zondwayo anali asanamalize n'komwe kutulutsa chitinicho m'thumba pamene manja awiri anachigwira, lina la Lucia, lina la mlongo wake Steve. Palibe amene anayang'ana mnzake. Onse awiri maso anali pa chitini, ngati ndicho chinali ndi mlandu.

"Yayi, imwe ŵana," anatero a Zondwayo. "Ichi n'chokataya kudzala. Ndachitulutsa kuti ndifike pa nsapato zimene zili pansizi."

Palibe amene anachisiya.

Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda bambo awo, a Feston Kalebe. Abale a malemu a ku Dedza anali atakwera kale basi ndi zimene mwambo unawapatsa, n'kusiyira a Zondwayo, mlongo wawo wa a Nesta, mayi a ana awiriwa, kuti amalize kugawa zotsala. Zotsalazo zinali pamkeka, pabwalo la nyumba ya malemu ku Mzimba Boma: suti yakuda ya ku tchalitchi, wailesi, nsapato za kunkhalango zolemera ngati njerwa, ndi njinga imene inatsamira mtengo wa mapeyala. Suti inadutsa, ana ali chete. Wailesi inadutsa, ali chete. Pa njinga a Zondwayo anachita kuliza belu kawiri kuti mwina wina adzuke. Koma chitini, inu.

Chinali chitini chakale cha penti, chakuda bii ndi mwaye, cha kamlomo kopindika pamwamba. Kumbuyo kwake kunali kamvukuto ka timatabwa tiwiri ndi chubu cha njinga. A Feston anachipanga okha kalekale kuti azifukizira njuchi utsi. Pamsika wa ku Boma, ngakhale wogula zitsulo zakutha akanachikana mwaulemu.

"Asibweni," anatero Steve, "tawafunsani aphunzitsi kuti chitini akachita nacho chiyani. Akafukiza ana a Sitandade Faifi?"

"Asibweni," anatero Lucia, "muwauze abwana a njinga kuti ku Manyamula zitini sizisowa. Akatole china kuseri kwa golosale."

"Muwauze kuti..."

"Ine ndine foni yanu?" anatero a Zondwayo. "Mwakhala apa ndi apa, maondo akuchita kugundana, koma mawu azidzera kwa ine, ngati munthu wopita ku Mzuzu kudzera ku Jenda."

Umo ndi mmene awiriwa ankayankhulirana kwa zaka zinayi. Zinayambira pa ukwati wa Steve ku Manyamula. Achibale a mkwatibwi atafunsa Lucia kuti mlongo wakeyo amagwira ntchito yanji, iye anayankha akuseka kuti amapopa matayala, sukulu inamukana ali Fomu Thuu. Steve anali kumbuyo kwake ndi mbale ya mpunga. Pamaso pa anthu omwewo anati iye mkazi wake akumuona ndi maso, pamene ena amuna awo anapita ku Joni kukagula shuga, chaka chino n'chachisanu ndi chiwiri. Ndipo zinali zoona, n'chifukwa chake zinapweteka. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Onse awiri anasiya milomo, ndipo inawatsata mpaka pamkeka wa maliro.

"Lucia, ndiwe wamkulu," anatero a Zondwayo. "Tiuze, chitinichi ukuchifuniranji?"

"Ndikungochifuna, asibweni."

"Steve?"

"Ndine mwana wamwamuna."

"Suti nayonso ndi ya mwana wamwamuna, waikana. Njinga, iwe katswiri wa njinga, waiyang'ana ngati mbuzi ya eni. Mukundizunguza mutu chomene."

A Nesta anatambasula dzanja.

"Adumbu, ndipatseni ine."

Anachiika pamiyendo ngati khanda, mwaye n'kudetsa chitenje.

"Chikhala ndi ine. Amene ankakukumanitsani pakhomo pano, ngakhale munkakhala chofulatirana, wapita. Lachinayi uyu abwerera ku Manyamula, uyu kusukulu kwake. Mwina mudzakumananso pamaliro anga, mudzalimbirane poto. Mbwenu."

Lucia anayang'ana pansi. Chifukwa anali nacho ndithu, koma chinali chomangidwa ndi lumbiro.

Njuchi m'banjamo zinayambira ku Chikangawa, kumene a Feston ankagwira ntchito yocheka matabwa. Kuseri kwa nyumba anapachika ming'oma inayi, ndipo Loweruka lofula uchi linkakhala ngati Khirisimasi. Aliyense anali ndi udindo wake. A Feston ankavala chipewa chosokerera neti yakale ya udzudzu, n'kumayenda ngati mkwatibwi wandevu. A Nesta ankadikira patali ndi ndowa ndi sefa, akulalata kuti tsiku lina banja lonse lidzaikidwa m'manda limodzi. Lucia ndiye ankagwira chitini: kuikamo zitsononkho, kuyatsa, kupopa utsi pang'onopang'ono pakhomo pa mng'oma. Steve ankanyamula mbale, n'kuyamba kunyambita zala nthawi isanakwane, moti Lamulungu ankapita ku Sande sukulu diso limodzi litatsekeka. Lamulo linali limodzi lokha: njuchi zimamva fungo la mkwiyo, ndiye amene wayambana ndi mnzake atsale kunyumba. Lachisanu madzulo ana aja ankakhululukirana milandu yonse, ngakhale imene sinachitike.

Atapuma pantchito n'kusamukira ku Boma, a Feston anabwera nazo njuchi, koma sizinakhalitse. Zinaluma mbuzi ya aneba mpaka kufa. Mawa lake zinathamangitsa mkulu wa mpingo amene ankayendera odwala, mpaka anataya Baibulo m'munda wa chinangwa. Ming'oma yonse inagawidwa, chitini n'kupachikidwa m'kachipinda ka makasu. Aliyense ankadziwa kuti za njuchi zinatha.

Aliyense kupatula Lucia.

Patatha mwezi chichitikireni ukwati uja, a Feston anatulukira kusukulu nthawi yopuma, n'kumuitanira kuseri kwa kalasi ngati mwana woba choko.

"Loweruka uvale nsapato zoyendera. Usauze munthu, ngakhale amama ako."

Anakwera kabaza njira ya ku Manyamula n'kutsika pakamlatho, asanafike pamsika. Kuchokera apo anadutsa dambo, n'kukwera kaphiri ka m'malo a kwawo kwa a Nesta, kudzera chakum'mawa. Pamwamba panali mtengo waukulu wa mombo, ndipo m'nthambi zake munali ming'oma itatu, njuchi zili piringupiringu.

"Izi ndi za ine ndi iwe," anatero a Feston. "Steve ndi wa zitsulo, amama ako ndi a pakamwa. Wa njuchi ndiwe. Ukadzangouza munthu, zidzathawa."

Lucia anali mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu, wodziwa bwino lomwe kuti njuchi sizimva miseche, koma analumbira. Ku Boma anthu ankamuona ngati mkazi amene anasiyidwa. Paphiri paja anali mwana amene anasankhidwa.

Ntchito inali kawiri pachaka. Mu Juni ankafula uchi. Wa mu Novembala, a Feston anati, timasiyira eni ake. Mu Seputembala, osaka mbewa asanayambe kutentha tchire, ankalambula udzu kuzungulira mtengo, mzere waukulu ngati njira ya ngolo, kuti moto ukafika usowe chakudya. A Feston ankalemba mzere pansi ndi ndodo, kudutsa patsinde penipeni.

"Kum'mawa kwako, kumadzulo kwanga. Koma lero msana wandigwira. Mbali yanga ndidzabwerera pakati pa sabata."

Akatero ankakhala pansi, kumatafuna mtedza, kumasimba za ku Dedza, kumamudzudzula kagwiridwe ka khasu. Ndipo mawu awo sankagwa pansi. Lucia akapita mu Okutobala kukazonda, ankapeza mbali ya kumadzulo ili mbee, ngati bwalo la sukulu tsiku lobwera alendo. Ngakhale chaka chatha, miyendo yawo itayamba kale kutupa, atamuuza kuti apite yekha akalambule mbali yake, patatha milungu iwiri mbali ya adada inali yolambula. Tsiku limenelo Lucia anakhala pansi n'kulira, akuganizira nkhalamba ikukwera phiri yokha ndi khasu paphewa, kupuma pa mtengo uliwonse.

Ndiye lero Steve atenge chitini, iye amene ntchito yake inali kunyambita mbale?

Steve ananyamuka Lachinayi osatsanzika mlongo wake. Lachisanu masana Lucia anapeza amayi ake pakhonde akuswa mtedza. Chakumwera cha kumadzulo kumwamba kunali kotuwa.

"Kwathu ayamba kutentha," anatero a Nesta, maso ali m'lichero. "Asibweni ako aimba foni. Akuti dzulo moto wadya tchire lonse la kuseri kwa sukulu. Mphepo ikapanda kusintha, mawa madzulo ukhala uli kuphiri."

Matenda, chipatala, maliro, zonse zinadya Seputembala, ndipo udzu paphiri paja unali usanakhudzidwe.

"Amama, ndibwerekeniko chitini chija."

"Polambula safuna chitini."

Lucia anawayang'ana. "Ndani wanena zolambula?"

"Ndanena ine? Ndakalamba, mwana wane, pakamwa pakungoyenda pokha." Anaulutsa makoko. "Khasu la adada ako lili kuseri kwa chitseko. Asibweni ako anaiwala kuligawa."

Loweruka dzuwa lisanatenthe, Lucia anali atatsika kale pakamlatho, khasu paphewa, botolo la madzi m'manja. Wakabaza anafunsa ngati amudikire. Anati ayi, adzaimba.

Dambo linali louma, nthaka itang'ambika. Apa ndi pamene adada ankavula nsapato mu Juni n'kuzipachika m'khosi, akudandaula kuti madzi a ku Mzimba amazizira ngati mtima wa kapitawo. Patsogolo pang'ono panali msuku umene ankaugwedeza ndi ndodo ngakhale nyengo ya masuku isanafike, akuti kuukumbutsa. Lucia anadutsa pamenepo mofulumira. Sankaopa njoka, sankaopa moto. Ankaopa kufika pamwamba n'kuona mbali ya kumadzulo udzu uli chiimire. Bokosi analiona, dothi analiponya ndi dzanja lake, koma zonsezo zinali ngati zikuchitikira banja lina. Udzu wosalambulawo ndi umene ukanene zoona.

Anadziuza kuti alambula mbali zonse ziwiri, ayambire ya adada, ngakhale manja achite matuza.

Ali pakati pa chitunda anaima. Kumwamba kunkamveka khasu.

Khwa. Khwa. Kupuma pang'ono. Khwa.

Linkachokera kumadzulo kwa mtengo. Mtima wa munthu ndi chitsiru, inu. Mphunzitsi wathunthu, wa satifiketi yopachika pakhoma, anaima pakati pa tchire, akumvetsera ngati pamveke kachifuwa kaja ka adada. Anadziwa kuti n'zosatheka. Komabe anaima, osafuna kuponda tsamba louma, kuti phokosolo lisaleke. Akanatha kuima pomwepo mpaka dzuwa kulowa.

Kenaka nzeru zinabwerera: wootcha makala, kapena wakuba uchi. Anatola mwala n'kukwera.

Munthuyo anali atafulatira, malaya atawapachika pachitsamba, msana uli thukuta lokhalokha. Njinga yake inali chigonere m'udzu, pakanjira kotsikira kumadzulo kamene Lucia anali asanakaonepo. Atatembenuka, khasu linatsala m'mwamba.

"Mwanditsatira?" anatero Steve.

"Ukutani pa ming'oma yanga?"

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba kuyenda pakati pawo opanda wowanyamula, chipitireni zaka zinayi. Akanasankha ena abwinoko, koma amenewo ndi amene anali pafupi.

"Ming'oma yanu? Aphunzitsi, dzuwa lakulowani m'mutu? Anakuuzani ndani za malo ano? Asibweni?"

"Ine ndakhala ndikubwera pano zaka zinayi."

"Bodza. Pano timadziwapo awiri, ine ndi adada. Anachita kundilumbiritsa."

Mwala unagwa m'manja mwa Lucia. "Anati chiyani?"

Steve anayang'ana ming'oma kaye, ngati akupepesa njuchi. "Anati Lucia ndi wa mabuku, amama ako ndi a pakamwa. Wa njuchi ndiwe. Ukadzangouza munthu..."

"Zidzathawa," anamaliza Lucia.

Njuchi zinali kulowa ndi kutuluka m'ming'oma yonse itatu. Palibe imene inaonetsa kuti ikulongedza katundu.

Steve anatsitsa khasu pang'onopang'ono. "Uchi mumafula liti?"

"Mu Juni. Wa mu Novembala timasiyira eni ake."

"Ife timafula mu Novembala. Wa mu Juni timasiyira eni ake, chifukwa kumazizira." Anapukuta kumaso ndi mkono. "Nanga mbali ya kum'mawayi, amalambula ndani?"

"Ine."

"Zaka zonsezi?"

"Zonse. Iwo amabwera pakati pa sabata kudzalambula ya kumadzulo."

"Ya kumadzulo ndi yanga," anatero Steve. "Ankanditengera pano Lachitatu, kundionetsa mbali ya kum'mawa ili mbee. Ankati, taona, ine nkhalamba mbali yanga ndamaliza, iwe mnyamata ukudikira chiyani? Kenaka n'kukhala pansi, akuti msana wawagwira chifukwa cholima dzulo."

"Ndi mtedza m'thumba."

"Ndi mtedza m'thumba." Steve anaponya khasu pansi. "Ine ndinkawagulira mankhwala opaka pamsana. Chaka chilichonse. Chaka chatha ndinabwera ndekha, ndinapeza kum'mawa kolambula, ndinalira ngati mwana. Ndinati mdala uja wakwawa mpaka kuno."

"Ndinalira apo," anatero Lucia, akuloza.

"Ine apo."

Steve anayamba kuseka, kuseka kogwira m'mimba, mpaka anakhala pansi m'fumbi. "Zaka zinayi munthu sanagwirepo khasu. Kapitawo weniweni. Uchi kawiri pachaka, antchito awiri aulere, aliyense akudziona ngati nduna."

Lucia sanaseke. Anayang'ana mtengo, ming'oma, kanjira kachilendo kaja. Chinthu chimodzi chokha chimene ankati n'chake padziko, chimene mwamuna sanapite nacho ku Joni, chimene anthu a ku Boma sankachidziwa kuti achinene, chinali cha anthu awiri chiyambire. Mawu aja, akuti wa njuchi ndiwe, anali ngati sopo wa pagolosale: aliyense wobwera amapatsidwa chidutswa chake.

"Ndiye anandinamiza," anatero. Anatola botolo lake n'kuika khasu paphewa. "Ming'oma ndi yako. Chitininso ukatenge. Ndiwe mwana wamwamuna."

Anayamba kutsika. Anayenda mapazi khumi, makumi awiri. Mphepo inawomba kuchokera kumadzulo, ikununkha udzu wopsa, ndipo timaphulusa takuda tinayamba kutera pamalaya ake.

"Achemwali."

Anaima, koma sanatembenuke.

"Moto uli kutsidya kwa mtsinje. Ndauona pobwera. Ndekha ndimaliza mbali yanga, koma yanu sindifikako." Steve anatola khasu lake pansi. "Inenso andinamiza, musaiwale. Ine ndinkati pa ana awiri pali chimodzi chimene ndinakuposani. Chimodzi chokha, chopanda mayeso."

Lucia anayang'ana khasu limene linali paphewa pake. Mpini wake unali wosalala, wopanda thukuta la mwini wake ngakhale dontho. Anabwerera, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuyambira pamene ankayambira chaka chilichonse.

Analima chofulatirana, tsinde la mombo lili pakati pawo. Udzu unali wautali, wouma, wolasa m'miyendo. Dzuwa litafika pamutu Steve anabwera kudzamwa madzi a m'botolo la Lucia osapempha, ndipo iye sanamuletse.

"Zija ndinanena za alamu," anayamba Steve.

"Lima."

"Ndimati ndinene kuti..."

"Ndati lima. Pakamwa pako pamatha mphamvu za khasu."

Steve anabwerera kumbali yake. Patapita nthawi, Lucia anayankhula, maso ali pansi, khasu likugwabe.

"Njinga ya adada ija tcheni chake chimagwa ukangopalasa kawiri. Amama akufuna aziituma kuchigayo. Ku Boma konse kuja palibe amene amadziwa kukonza, amangodya ndalama za anthu."

"Si tcheni," anatero Steve kuseri kwa mtengo. "Ndi mano a kumbuyo, anatha. Ndinawauza adada kalekale."

"Ndiye ubwere udzaione. Ine mabuku anga sanena za mano a njinga."

"Yewo," anatero Steve, motsitsa.

"Chitininso chizikhala kwa amama. Wofuna azikachitenga kumeneko."

"Paja amama amadziwa?"

"Akuti pakamwa pawo pamayenda pokha."

Apa ndi pamene Lucia anaseka, pang'ono chabe, misozi ikutsikira m'fumbi la m'masaya.

Mizere iwiri ija inakumana chakumwera dzuwa litapendeka. Chakumpoto kunatsala kachigawo kamodzi pafupi ndi tsinde, kaudzu wowirira kofika m'chiuno. Pakati pake panali mwala wafulati umene a Feston ankakhalapo.

"Apa ankandiletsa," anatero Steve. "Ankati ndi mu ofesi."

"Inenso. Akuti wantchito salowa mu ofesi ndi khasu."

Moto unali utaoloka mtsinje. Unkamveka kuthetheka m'munsi mwa phiri, akabawi akuzungulira pamwamba pa utsi kudikira ziwala.

"Mwini ofesi atikhululukira," anatero Lucia.

Analowamo onse awiri, uyu kumanja kwa mwala, uyu kumanzere. Khasu la Steve linagunda chinthu cholimba. Asananene kanthu, la Lucia nalonso linalira. Anagwada n'kuyamba kuzula udzu ndi manja.

Inali miyala iwiri, umodzi mbali iyi, wina mbali inayo, yotalikirana mofanana ndi wa pakati uja. Siinali miyala ya paphiripo, yofiira ndi yokhakhala. Inali yotuwa, yosalala, ya mumtsinje, ndipo mtsinje unali kutali pansi, kumene utsi unkachokera. Uliwonse unali waukulu woti mwamuna wamphamvu aunyamule akupumira m'njira. Pansi pake anaikapo timiyala tochirikiza kuti isagwedezeke munthu akakhalapo. Mizu ya udzu inali itailowerera mbali zonse. Inaikidwa kale, mwina chaka choyamba chomwe.

Steve anayesa kuutukula wake. Unangosuntha pang'ono. Anausiya, n'kuyang'ana kutsetsereka konse kwa phiri mpaka kumtsinje.

"Adada anaikweza okha," anatero.



Moto unafika patapita kanthawi, wotopa ndi chitunda. Unanyambita m'mphepete mwa mzere, iwo akuumenya ndi nthambi zaziwisi pamene unkafuna kudumpha, kenaka unagawikana pawiri n'kupitirira kutsikira kudambo. Njuchi zinakwiya ndi utsi, imodzi n'kumuluma Steve pachikope, koma ming'oma inatsala ili lende m'nthambi zake.

Atatopa, Steve anakhala pa mwala wa kumadzulo, diso likuyamba kutupa. Lucia anaima kaye. Mwala wa pakati unali utadzaza phulusa. Anamasula chitenje m'chiuno, anaupukuta bwinobwino mpaka m'mphepete, kenaka anazungulira kumbuyo kwake, osaudumpha, n'kukakhala pa wake.